Zingwe za m'Bango

Lachitatu m'mawa banja lonse linali pakhonde, likumwa tiyi ndi nthochi zophika. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo malata anali atayamba kale kutentha dzuwa lisanakwere n'komwe. Manase anakhala pampando wake, mlongo wake Khumbize pamkeka ndi ana, ndipo Emma, mkazi wa Manase, anakhala pakhomo akusankha tomato wopita naye kumsika mawa lake.

"Zafanso," anatero Manase. "Ndakumana ndi a Gregory pamsewu. Akuti lero ndiye zayandama zambiri kuposa dzana."

Aliyense anadziwa kuti akunena nsomba za ku Chiziwa. Chiziwa ndi dziwe lalikulu lomwe lili kuseri kwa nyumba zawo, kumtunda kwa Uliwa. Ng'ombe zimamwa momwemo, amayi amatunga momwemo madzi ochapira, ndipo makumba ndi milamba ya m'menemo ndiyo ndiwo za anthu ambiri. Nyumba zitachuluka, dziwelo linayamba kudzaza mapepala apulasitiki ndi matewera a ana, choncho anthu okhala mozungulira anapanga komiti n'kusankha Emma kukhala wapampando. Komitiyo inaletsa kutaya zinyalala m'dziwemo, inaletsa kuchapiramo, inaletsanso kuviikamo chinangwa cha kondowole. Lamulo la chinangwalo ndilo linavuta, koma linadutsa, ndipo banja lililonse linauzidwa kuti liziviika m'diramu pakhomo.

"Msonkhano ndi masana ano," anatero Emma. "Tikamva komweko."

"Mukamva chiyani, NyaGondwe? Nkhani ndi yodziwika. Ibrahim achoke basi. Kwawo ku Mangochi anasiya madzi ambirimbiri, n'kubwera kudzathira oyilo m'kadziwe kathu."

Ibrahim amatsuka njinga zamoto ndi magalimoto m'mphepete mwa dziwelo, mbali ya kumsewu, ndipo mkazi wake Rukaiya amakazinga zitumbuwa pomwepo n'kumagulitsa kwa akabaza. Msonkhano wa tsikulo unali wa iye: komiti imafuna kugamula ngati amuchotse pamalopo.

"Munamuona akuthira, a Msiska?" anafunsa Emma.

"Kuona n'kofunika? Iyeyo asanabwere, nsomba zinkafa?"

"Anabwera kale. Nsomba zayamba kufa mwezi uno."

"Ndiye kuti oyiloyo wakwana tsopano." Manase anamaliza tiyi n'kuika kapu pansi. "Ndibwera nawo kumsonkhanoko."

Emma anasiya tomato n'kumuyang'ana. Chiyambire komitiyo, mwamuna wake anali asanapondeko kumsonkhano ngakhale kamodzi. Ankati ndi macheza a amayi ndi anthu opuma ntchito. Khumbize anayamba kutolera makapu ana asanamalize kumwa.

Pochoka kuti akadzionere yekha nsombazo, Emma anadzera kuseri kwa nyumba. Diramu lawo linali pamalo pake, pansi pa mtengo wa mango. Anasuzumira. M'kati munali mouma gwa, ndipo kangaude anali atamangamo.

"Mlamu," anaitana, "diramuli lauma liti?"

"Kumjigo kukumakhala mzere, mlamu," anayankha Khumbize ali m'khitchini.

"Nanga ufa umene tikudyawu?"

"Ndi wakale uja."

Masiku ambiri Emma amakhala kumsika, ndipo za chinangwa amasiyira Khumbize. Koma thumba la ufa wakale analikung'untha yekha.

Anapeza Ibrahim akutsuka njinga yofiira, mwini wake atakhala pachitsa akudya chitumbuwa. Madzi otsukirawo amatsetsereka m'kangalande n'kulowa m'dziwe, ndipo pamwamba pake pamaoneka mafuta onyezimira. Nsomba zingapo zinali m'mphepete, mimba zili m'mwamba.

"Mwafika, a Tcheya," anatero Ibrahim osasiya kupukuta. "Mwabwera kudzandiuza tsiku lonyamuka?"

"Ndabwera kudzaona. Nanga izi zikunyezimirazi?"

"Ndi oyilo, sindikana. Njinga siyitsukika popanda kutuluka kanthu. Koma oyilo wanga ndi yemweyo chaka chatha, ndi yemweyonso chaka chino."

"Ndiye nsomba zikufa ndi chiyani?"

Ibrahim anafinya nsanza yake pang'onopang'ono. "Ine ndine wobwera, amayi. Maso anga amakhala pa njinga."

"Auzeni, bambo," anatero Rukaiya ali pamoto. "Mufuna tikalowere kuti ndi anawa?"

"Kazinga zitumbuwa, Rukaiya."

Mkaziyo anatembenuza chitumbuwa mwamphamvu mpaka mafuta anathovoka. Kenako anaponya maso tsidya lina, kumene bango limapanga ngodya, n'kuwabweza msanga.

Emma anatsanzika. Ali m'njira anadzifunsa ngati awiriwo sanachite kupangana, mwamuna kudzichepetsa, mkazi kuloza ndi maso, kuti wapampando akatayire nthawi kwina. Munthu amene watsala pang'ono kuchotsedwa akhoza kuloza kulikonse. Komabe anazungulira dziwelo, akutsata matope ouma omwe madzi anasiya pophwera.

Kumene amapitako nsomba zakufa zimachuluka. Atayandikira bangolo anaima. Fungo limene linamupeza silinali la nsomba zowola zokha. Mayi aliyense wa kuno amalidziwa fungo limenelo kuyambira ali kumbuyo kwa amake: fungo lowawasa la chinangwa chimene chafewa.

Chikwangwani cha komiti chinali pomwepo, chitapendekeka. Kuseri kwake kunali kanjira kopondedwa bwino kolowa m'bango, ndipo pamatope panali mikwasa ya matayala a ngolo. Emma anavula masilipasi, anakwinya chitenje, n'kulowa. Madzi a pangodyapo anali ofunda, otuwa, osayenda. Dziwe litaphwa, mchenga unali utatsala pang'ono kutseka ngodyayo, moti madzi amangotuluka pakampata kochepa. Thovu loyera linali litakakamira pabango.

Anaona chikhomo, ndipo pachikhomopo panali chingwe cholowa m'madzi. Anakoka. Kunatuluka khosi la thumba, lodzaza chinangwa. Patsogolo pake panali chikhomo china, kenako china, mpaka m'kati mwa bango momwe maso sakanafika. Chingwe chilichonse chinali ndi kansanza kake, kuti mwini asasokoneze thumba lake ndi la mnzake.

Emma anayenda pang'onopang'ono akuyang'ana nsanzazo. Ina inali ya yunifolomu ya sukulu, imeneyo ikanakhala ya aliyense. Ina inali yachikasu ya maluwa akuda, yofanana ndi chitenje chomwe mayi Keziya, msungichuma wa komiti, anavala chaka chonse chatha. Ina inali ya mizere yobiriwira, ngati katani yakale ya pa grosale ya a Gregory, wachiwiri wake pakomiti. Anaima nthawi yaitali pa nsanza yofiira ya madontho oyera. Chinali chitenje chake chomwe, chimene anapatsa Khumbize chitang'ambika kuti azigwirira miphika. Ndipo mfundo ya chingwecho sinali ya mkazi. Inali mfundo imene Manase amamangira ng'ombe pagoli.

Potuluka m'bangomo anakumana maso ndi maso ndi mayi Keziya, beseni lopanda kanthu lili pamutu.

"Monire, a Tcheya," anatero mayi Keziya, ataima chilili.

"Yewo, amama. Ulendo wa kuti ndi beseni?"

"Ndimati ndikathyole masamba a mbatata."

"Kuno?"

"Ndasochera njira ndi kutenthaku." Maso awo anatsikira pachitenje chonyowa cha Emma. "Nanga inu mwalowa m'madzi bwanji?"

"Ndimawerenga nsomba."

"Zachisoni. Ibrahim uja watilakwira kwambiri."

"Tikambirana masana," anatero Emma. Mayi Keziya anabwerera njira yomwe anadzera, ndipo anacheuka kawiri.

Kunyumba anapeza Manase akukonza goli pamthunzi. Khumbize anali kusesa malo oseseka kale.

"A Msiska, wilibala ili kuti?"

"Ya chiyani?"

"Ya ntchito ya komiti."

Manase ananunkhiza mpweya, n'kuyang'ana matope a m'miyendo ya mkazi wake. Anaika goli pansi. "Khala pansi, NyaGondwe."

"Ndiima."

"Kondowole wa m'diramu amanunkha dzimbiri. Ndinakuuza kuyambira tsiku loyamba."

"Munandiuza. Mutasiya kudandaula ndinkayesa mwazolowera."

"Musawanene achimwene okha, mlamu," anatero Khumbize, tsache lili m'manja. "Ndinawapempha ndine. Diramu lija kuti lidzaze, ndowa zake mumazidziwa? Kumjigo ndimapita m'mawa, kubwera dzuwa lili pamutu, khosi lili gwa. Likafewa chinangwa, madzi aja kutaya, kuyambanso. Inu mumakhala muli kumsika."

Lamulo analikakamira ndi Emma, koma ndowa sanasenzeko.

"Si ife tokha," anatero Manase motsitsa mawu. "Wawaona wekha matumba. Nanga n'chifukwa chiyani ufuna uyalutse nyumba yako? Amayi athu ankaviika m'dziwe momwemo, nsomba sizinkafa. Ndi oyilo uja."

"Ngati ndi oyilo, mukuopa chiyani? Kanenenitu nokha kumsonkhano kuti tili ndi thumba m'bango, kenako muzinena za Ibrahim."

"Zimenezo ayi."

"Ndiye mukufuna ndikweze dzanja kuti munthu achoke ndi ana ake, thumba langa lili m'madzi?"

"Iyeyo ndi m'bale wako?"

"Si m'bale wanga. Wilibala ili kuti?"

Khumbize ndi amene analoza kukhola ndi tsache.

Msonkhano unali pansi pa mtengo wa mkuyu, pafupi ndi sukulu ya mkaka. Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse. Ibrahim anakhala payekha pabenchi, chipewa chili m'manja, ndipo Rukaiya anaima kumbuyo kwake. Manase anakhala kumapeto, pamuzu. Wapampando atachedwa, a Gregory anatsegula okha ndi pemphero, n'kuyamba kufotokoza.

"Ife sitidana ndi alendo," anatero. "Asilamu tili nawo pa Uliwa, timagula kwa iwo, maliro timalira limodzi. Koma dziwe ndi limodzi. Ng'ombe ikamwa oyilo, tidzafunsa ndani?"

"Afunseni ngati kwawo amatsukira njinga m'mphika wa ndiwo," anatero mayi Keziya, ndipo anthu ena anaseka.

Kuseka kuja kunatha anthu atamva wilibala ikulira. Emma anaikankha mpaka pakati pa bwalo, thukuta lili kamukamu, n'kuiimika patsogolo pa a Gregory. Thumba linali likudontha, chingwe ndi kansanza kofiira zili pomwepo. Fungo linafika kwa aliyense iye asanatsegule pakamwa.

"Pepani ndachedwa," anatero. "Ili ndalivuula m'bango, kuseri kwa chikwangwani chathu. Ndi la kunyumba kwanga. Nsanzayi ndi chitenje changa."

Anthu anatembenukira kwa Manase. Iye anayang'ana nyerere zomwe zimadutsa pamuzu.

"Ndiye kuti a Tcheya aphwanya okha lamulo?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

"Nyumba yanga yaphwanya. Koma silili lokha. Matumba ali m'menemo ndi ambiri, moti poponda pamasowa. Lililonse lili ndi nsanza yake."

A Gregory anakonza kolala ya malaya awo. "Nsanzazo," anafunsa mosamala, "munazizindikira kuti ndi za ndani?"

Emma anawayang'ana, kenako anayang'ana mayi Keziya, kenako amayi omwe anakhala pamkeka. Ena anagwetsa nkhope, ena anamuyang'anitsitsa kuti aone pamene maso ake aime.

"Ndazindikira yanga," anatero.

Palibe amene anakhulupirira, ndipo palibe amene anafunsanso. Mayi wina anakoka chitenje chake kuti chibise m'mphepete mong'ambika. Mnzake wa pambali anaona, n'kusunthira kutali pang'ono.

"Koma chinangwa chiphe nsomba?" anatero mayi Keziya, mawu atatsika. "Taviika m'dziwe muja kuyambira tili atsikana."

"Tinkaviika poyera, amama, wina apa wina uko, madzi akuyenda. Pano tonse tathawira pangodya imodzi kuti komiti isatione, ndipo ngodyayo yatsala pang'ono kutsekeka. Mbuzi ikafuna kumwa madzi a chinangwa a m'diramu mumaithamangitsa chifukwa chiyani? Si poti amapha?"

"Ndiye mukuti oyilo alibe mlandu?" anafunsa a Gregory.

"Sindinatero. Oyilo ndamuona ndi maso anga, akulowa m'dziwe. Chimene chikupha nsomba sindikuchidziwa, kaya ndi iyeyo, kaya ndi ife, kaya tonse. Koma ine dzanja sindikweza kuti munthu achoke, zathu tisanavuule. Amene akufuna kukweza akweze, kenako tonse tipitire limodzi kubango, aliyense akaime pa chingwe chake."

A Gregory anafunsa, monga mwa dongosolo, kuti ndani akufuna Ibrahim achoke. Dzanja limodzi linakwera kumbuyo, la mkulu wina amene sadya kondowole chifukwa cha m'mimba. Atayang'ana uku ndi uku, anakanda nalo mutu n'kulitsitsa.

Zotsalazo zinatenga nthawi, chifukwa aliyense amalankhula mozungulira. Amati "anthu amene anaika matumbawo," ngati akunena anthu a mudzi wina, a ku Mlare. Pomaliza anagwirizana kuti matumba onse achoke m'bango pofika mawa, ndipo komiti siikaima panjira kuona wonyamula. Ibrahim akhale, koma asunthire kumtunda, akumbe dzenje loti madzi otsukira azithera momwemo. Za madiramu, Emma anavomera kuti lamulo lija linalemera pamitu ya amayi, ndipo anapempha kuti amene ali ndi ngolo azithandiza kutunga madzi a m'dziwe n'kuperekera m'makomo.

"Ngolo ya a Msiska iyambe," anatero mayi Keziya. "Njira ya kudziwe ikuidziwa kale."

"Mwadziwa bwanji, amama, kuti ndi ngolo yanga?" anafunsa Manase, kuyankhula koyamba. "Munali kuti poiona?"

Anthu anaseka, koma mosatsegula pakamwa kwenikweni.

A Gregory anatembenukira kwa Ibrahim. "Mwamva? Muli ndi mawu?"

Ibrahim anaimirira. "Ndamva, bambo. Dzenje ndikumba." Anazengereza pang'ono. "Nanga nsomba zikafanso?"

"Tidzaonanso nthawi imeneyo," anatero a Gregory.

"Tidzayambira kubango," anatero Emma. "Kenako kwa inu."

Pobwerera, Manase anatsogola yekha osadikira. Emma anakankha wilibala, ndipo atafika pamchenga pomwe tayala limatitimira, Khumbize anabwera n'kugwira chogwirira chimodzi. Anaikankha awiri mpaka kunyumba.

Kutacha, Manase anamanga ng'ombe pangolo, anakweza diramu, n'kutuluka osamwa tiyi. Emma anathandiza Khumbize kufinya chinangwa chija ndi kuchiyanika pathandala, kenako anasenza dengu la tomato n'kuyamba ulendo wa kumsewu.

M'njira yonse mathandala anali mbuu. Pakhomo pa mayi Keziya chinangwa chinadzaza thandala mpaka china anayanika pamkeka. Kuseri kwa grosale ya a Gregory, mkazi wawo anali kuyala chake pamalata akale. Amayi amapereka moni manja ali m'chinangwa, maso ali pa Emma, ndipo iye amayankha osachedwetsa phazi.

Kumsewu anapeza Ibrahim atasamutsira ndowa zake kumtunda, pafupi ndi mtengo wa mthethe. Dzenje linali litafika m'mawondo, khasu lili m'kati. Iye anali atalisiya kaye kuti atsuke njinga ya kabaza wina amene amafulumira. Rukaiya anali kukoleza moto pamalo atsopano.

"Mwadzuka, a Tcheya," anatero Ibrahim.

"Ndadzuka. Dzenjelo lizame ndithu."

"Lizama. Pansi pali miyala, koma lizama."

Anapukuta mpando wa njingayo n'kuikankhira kwa mwini wake. Wakabazayo anamangirira dengu la tomato kumbuyo ndi mphira, anayesa ngati lalimba, ndipo Emma anakwera.

"Kumsika, amama?"

"Kumsika. Koma pamabampu muziyenda bwino, tomatoyu wapsa."